Ku Zanzibar tipite liti: Epulo, Ogasiti kapena Disembala?

NaBanda wa ku Kawale

Muli bwanji nonse? Ndabwera ndi funso lomwe latisowetsa tulo kunyumba kwathu sabata yonse ino.

Chaka chamawa ine ndi abambo akunyumba tikwanitsa zaka khumi tili pabanja. M'zaka zonsezi maulendo omwe tayendapo awiriwiri ndi a kumaliro ndi kuzinkhoswe basi. Hanimuni yathu inali ya masiku awiri ku Senga Bay, ndipo tsiku lachiwirilo tinathera pafoni ndi apongozi, kukambirana za mapoto a eni omwe anasowa kuukwati. Ndinalumbira chamumtima kuti tsiku lina ndidzabweza. Kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikuponya ku banki m'khonde osakhudza magawo anga, ndipo ndalama yoti tikafike ku Zanzibar pabasi n'kugonako masiku asanu yatsala pang'ono kukwana.

Vuto ndi nthawi. Ine ndine mphunzitsi, ndimaphunzitsa Sitandade 6, choncho sindingangonyamuka mwezi womwe ndafuna. Mipata yanga ndi itatu yokha: tchuthi cha Khirisimasi, cha Isitala mu Epulo, ndi chachitali chija cha mu Ogasiti. Mlamu wanga akuti tipite mu Epulo chifukwa anaona pa intaneti kuti malo ogona amatsika mtengo kwambiri nthawi imeneyo. Mnzanga wa kuntchito akuti Disembala, poti ndi nyengo ya chisangalalo ndipo kumadzaza anthu. Abambo akunyumba akungoti "zili kwa inu mayi", koma ine ndikuwadziwa. Mvula ikakatitsekera m'chipinda kumeneko, mlandu udzakhala wanga mpaka tidzakalambe.

Pali zinanso ziwiri. Abambowa ndi munthu wa mseru, ngakhale minibasi ya ku Dedza amatsika atatuwa nkhope, ndiye ndamva kuti kuchoka ku Dar es Salaam timakwera sitima yapamadzi. Kodi ilipo miyezi imene nyanjayo imafatsa? Chachiwiri, ena akundiopseza kuti m'mwezi wa Ramadhani zonse zimatsekedwa moti munthu ungagone ndi njala. Amene munafikako ndiuzeni zenizeni, osati za pazithunzi za pa Facebook zija.

Madala wa Kariakoo

Mayi NaBanda, zikomo, ndipo Mulungu adalitse banja lanulo. Zaka khumi masiku ano si masewera.

Za Epulo ndiyankhe ine, chifukwa ndinamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndakhala ndikupita ku Dar kukaoda zitenje ndi nsapato kuyambira ana anga ali kupulayimale. Chaka china ndinauza mwini shopu yemwe ndimagulako kuti ulendo wotsatira ndikufuna ndidzaoloke ndikaone Unguja, chilumba chachikulu chija chimene ife timangochitcha Zanzibar. Iye anandiyankha kuti bwera nthawi ina iliyonse, koma osati ya masika. Ine mumtima ndinaseka. Masika? Nthawi ya maungu, nzimbe, mondokwa ndi mtedza wauwisi, mvula itakata, dziko lonse lobiriwira? Ndinati Mswahiliyu akufuna kundimana zabwino. Ndinapita mu Epulo.

Kumeneko ndi komwe ndinadziwa kuti liwu ndi lomwelo, miyezi ndi yomweyo, koma zinthu zake ndi zosiyana. Kwa ife masika ndi kukolola. Kwa iwo masika ndi mvula yaikulu ya chaka, imene imayamba chakumapeto kwa Malichi n'kupitirira mpaka Meyi, ndipo pachimake pake ndi Epulo wanu yemweyo.

Mvula ya kwathu mumaidziwa. Imakonzekera masana, kugunda, kukhuthuka, kenako dzuwa, anthu n'kubwerera kumunda. Imene inandipeza kumeneko inali mvumbi, koma mvumbi wotentha. Ndinakhalako masiku anayi, dzuwa ndinaliona m'mawa umodzi. Tinjira ta mu Stone Town, tauni yakale ya pachilumbapo, ndi topapatiza, malo ena galimoto silingalowe, nyumba zosanjikizana uku ndi uku, ndipo madzi a pamadenga onsewo amatsikira momwemo. Ndinkayenda nsapato zili m'manja ngati ndikuoloka dambo. Malaya omwe ndinachapa tsiku loyamba ndinabwerera nawo ku Dar asanaume, akununkha chuku. Ndinkafuna kukaona akamba akuluakulu aja a pachilumba cha Changuu, koma mnyamata wa boti anangoloza kumwamba n'kupukusa mutu. Zimene ndinaona bwinobwino ulendo umenewo ndi khonde la nyumba ya alendo ndi bambo wina wogulitsa khofi m'timakapu ting'onoting'ono, yemwe pofika tsiku lachitatu ankangondithirira osafunsa.

Alamu anuwo sananame ayi. Mitengo imatsikadi, ndipo mahotela ena amatseka kumene kuti akonze madenga ndi kupenta. Koma ife a geni timadziwa kuti katundu akatsika mtengo mwadzidzidzi umayamba wamutembenuza kaye kuti uone kumbuyo kwake. Munthu wobwera milungu itatu akhoza kupeza masiku angapo a dzuwa n'kupindula. Inu muli ndi masiku asanu okha, ndipo mwawasonkhera zaka ziwiri.

Musaiwalenso msewu. Ku Karonga ndi kutsidya kwa Songwe, cha ku Kyela, mvula imachedwa kuleka, moti Epulo kumakhala kukadali matope pamene ku Lilongwe fumbi layamba. Ulendowo ndi wautali kale: Mzuzu, Chiweta, Karonga, chipata cha Songwe, kenako Uyole, Iringa, phiri la Kitonga, Mikumi, Morogoro, mpaka Dar. Ndi mvula umatalika kuwirikiza.

Disembala ndi nkhani ina. Kumeneko mvula imabwera kawiri pachaka, ndipo yachiwiriyo, imene amaitcha vuli, imagwa cha mu Novembala n'kulowa mu Disembala. Imeneyo siyoopsa, imagwa kanthawi kenako kuyera. Choopsa ndi kutentha ndi thumba lanu. Kutentha kwake si kwa Okutobala wa ku Lilongwe komwe ukalowa pamthunzi wa mango umapezako mpumulo. Ndi kwa chinyezi, kuti ukangomaliza kusamba n'kudzipukuta, thukuta layamba kale. Ndipo kuyambira sabata ya Khirisimasi mpaka chaka chatsopano chipinda chomwecho amachitchula mtengo woti munthu ungagulire mbuzi. Mabasi nawo nthawi imeneyo amadzaza ndi ife ooda katundu wa Khirisimasi, pachipata pamakhala mzere wa mabelo.

Ndikanakhala ine ndikanasankha Ogasiti, koma za nyanja aziyankha anyamata omwe amakhala komweko.

Kanthu kamodzi koti kasakugwetseni m'mavuto: mukaoloka Songwe mupititse wotchi patsogolo ndi ola limodzi. Kuwonjezera apo Aswahili amayamba kuwerenga maola kukacha, ndiye akakuuzani kuti sitima inyamuka "saa moja asubuhi" sakunena 1 koloko, akunena 7 koloko m'mawa. Pasipoti musaisiye ku Dar poganiza kuti ndi dziko limodzi, padoko la ku Zanzibar amaifunanso.

Mtonga wa ku Nungwi

Madala mwaitha ya masika, ine ndafa n'kuseka. Epulo kuno ife timakhala tikukonza maboti ndi kusewera bawo.

Achemwali, ine kwathu ndi ku Nkhata Bay, kuno ndili chaka chachinayi. Ndimagwira ntchito paboti lotenga alendo kukasambira ndi kukaona nsomba. Mwafunsa za mwezi wa pakalendala, koma ulipo mwezi wina womwe anthu a kwathu saufunsa, wa kumwambawu. Ndipo mufunsenso kuti mukagone mbali iti ya chilumba, chifukwa anthu awiri akhoza kubwera sabata imodzi, wina n'kubwerera akuyamikira, wina akuti anamubera.

Ife tinakulira panyanja yoti ukaisiya madzulo pamwala uwu, m'mawa ukaipeza pomwepo. Ikakwera kapena kutsika ndi nkhani ya miyezi. Yamchereyi imachoka n'kubwerera kawiri patsiku. Nditangofika kumene ndinagona kwa mnzanga ku Jambiani, mbali ya kum'mawa. Kutacha ndinatuluka ndi sopo kuti ndikasambe monga timachitira kwathu, ndinapeza nyanja palibe. Maboti agona cham'mbali pamchenga, madzi akuoneka kutali ngati kamzere, amayi akuyenda pomwe dzulo panali mafunde, kupita kuminda yawo ya ndere imene amaitcha mwani. Amaimangirira kuzingwe pakati pa timitengo, ikakula n'kuiyanika n'kugulitsa. Ine ndinaima ndi sopo wanga m'manja ndikuganiza kuti dziko likutha, ana akundiseka.

Mbali yonse ya kum'mawa ili choncho: Paje, Bwejuu, Jambiani, Matemwe. Madzi amatha kuthawa kilomita yathunthu kapena kuposa, ndiye ngati munabwerera kusamba mudikira maola angapo. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima, amathawa kwambiri ndipo amabwereranso ndi mphamvu. Nthawi yake imasuntha pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse, kotero ngati lero adzaza 9 koloko m'mawa, pakatha masiku atatu adzadzaza chakumasana. Kuyenda pamalo pomwe madzi achokapo n'kosangalatsa, koma muvale nsapato, chifukwa m'maenjemaenje mumakhala tizilombo takuda taminga ngati kanungu, ndipo minga yake ikathyokera kuphazi tchuthi chathera pomwepo.

Kuno kumpoto, ku Nungwi ndi ku Kendwa, gombe ndi lotsetsereka, madzi sapita kutali, mumasamba nthawi iliyonse imene mwafuna. Kwa anthu a masiku asanu omwe sanaonepo nyanja yamchere, ine ndimati bwerani kuno. Ku Kendwa gombe linayang'ana kumadzulo, choncho dzuwa limalowa m'madzi inu mukuona. Kwa ife a ku Nkhata Bay ndi Salima, omwe tinazolowera dzuwa lotuluka m'nyanja n'kukalowa kumapiri, chimenechi chimakhala chachilendo ndithu. Ine mpaka lero ndimaimabe kuonerera.

Tsopano za mphepo, poti ndi pomwe pagona nkhani ya achimwene anga a mseruwo. Kuno chaka chimagawidwa ndi mphepo ziwiri. Kaskazi imachokera kumpoto chakum'mawa, kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi, ndipo imabwera ndi kutentha. Kusi imachokera kummwera, imayamba masika akamatha, imalimba mu Juni ndi Julayi, n'kumafooka pang'onopang'ono mpaka cha mu Okutobala. Kusi ndi mwera wathu yemwe uja, wangosintha dzina. Miyezi imene asodzi a kwathu amakokera mabwato kumtunda ndi yomweyo imene kuno nyanja imavuta.

Ubwino wake ndi woti kusi imaziziritsa. Mu Ogasiti masana kumafunda bwino, madigiri 28 kapena 29, usiku mumagona mutafunda kansalu, thukuta lija Madala anena kulibe, mvula ndi ya apo ndi apo. Kum'mawa mphepoyo imaomba kwambiri, n'chifukwa chake ku Paje kumadzaza azungu othamanga pamadzi atakokedwa ndi makaiti, ndipo ndere zimakocheza kugombe. Kuno kumpoto chakumadzulo chilumba chimatitchinga, madzi amakhala odekha.

Kuipa kwake ndi pooloka. Sitima zothamanga zimatenga pafupifupi maola awiri kuchoka ku Dar. Kubwera kuno nthawi zambiri kumakhalako bwino chifukwa mafunde amakukankhani kumbuyo. Pobwerera ndiye mumalimbana nawo maso ndi maso, makamaka masana mphepo itadzuka. Ndaonapo amuna a ndevu zawo akuitana amayi awo, ogwira ntchito akuyenda ndi timajumbo m'mizere yonse. Ndiye ulendo wopita ndi wobwerera womwe mukwere yoyamba ya m'mawa. Achimwenewo amwe piritsi la mseru ola limodzi musanakwere, mukhale chakumbuyo m'chipinda chapansi osati pamwamba kutsogolo, aziyang'ana kutali osati pafoni, ndipo chipsi mayai, tchipisi chokazingira limodzi ndi mazira, akadye akafika. Musanyengedwe ndi anyamata a padoko okuuzani kuti ali ndi tikiti yotchipa ya sitima ina, mukagule pa ofesi yeniyeni. Nyanjayi nthawi ya kusi siseweredwa: mu Julayi 2012 sitima ina inatembenuzika pakati pa Dar ndi kuno, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo. Ngati tsikulo mphepo yakula n'kuona kuti achimwene sangathe, ndege yochoka kuno kupita ku Dar imatenga mphindi pafupifupi 20, musungeko kandalama kapadera.

Za mtengo ndisakubisireni, Ogasiti si wotchipa. Ndi nthawi imene ku Ulaya atsekera sukulu ndi ntchito, ndipo kuno kumadzaza Ataliyana moti ana a m'mudzi muno amapereka moni m'Chitaliyana. Koma chakumapeto kwa mweziwo amayamba kubwerera kwawo, mphepo nayo imakhala ikuchepa. Ndiye ngati kalendala yanu ya sukulu ikulola, tengani sabata yomaliza ya Ogasiti kapena masiku oyambirira a Sepitembala, mukabwerere kutatsala masiku angapo kuti mutsegulire. Musafune chipinda choyang'ana madzi. Nyumba za alendo za m'mudzi, mphindi zisanu kuchoka kugombe, mtengo wake ndi wa anthu, ndipo mchenga ndi womwewo, palibe amene angakuletseni kukhalapo. Kuchoka m'tauni mukwere daladala, ndiyo minibasi ya kuno, musatenge takisi.

Mukanakhala kuti si inu aphunzitsi ndikanati Sepitembala yense mpaka pakati pa Okutobala. Nthawi imeneyo madzi amayera moti uli paboti umawerenga nsomba pansi.

Abiti wa ku Namwera

Mayi NaBanda, ya Ramadhani ndiyankhe ine, chifukwa anthu amaikuza mopitirira.

Choyamba, mwezi umenewu sukhala pamodzi. Chaka cha Chisilamu ndi chachifupi ndi masiku pafupifupi 11, choncho Ramadhani imabwera msanga chaka chilichonse. Mu 2023 inatenga mbali yaikulu ya Epulo, mu 2025 inayamba kumayambiriro kwa Malichi, ya 2026 ndi chapakati pa Febuluwale, ya 2027 kumayambiriro kwa Febuluwale. Kuti ifike mu Disembala ndi cha m'ma 2030. Ndiye pamipata yanu itatuyo palibe womwe ukukumana nayo zaka zino. Amene akukuopsezaniwo akukumbukira za zaka zapitazo.

Koma ngakhale ikanakumana, simukanagona ndi njala. Ine ndinasalirako kumeneko kwa mchemwali wanga yemwe anakwatiwa ku Unguja. Zoona, anthu ambiri pachilumbapo ndi Asilamu, ndipo masana malo odyera a anthu wamba amatseka, m'tauni mumakhala bata. Mahotela a alendo amaphika monga mwa nthawi zonse, chimene amapempha n'choti musamadye, kumwa kapena kusuta pamsewu ena akusala. Dzuwa likangolowa tauni yonse imadzuka. Chakudya chomasulira amachitcha futari, ndipo tsiku loyamba nditamva liwulo ndinayembekeza futali wathu wa mbatata ndi nsinjiro. Anabweretsa chinangwa chophika m'madzi a kokonati, nthochi, maandazi, phala la tsabola ndi tende. Sindinadandaule. Ikatha Ramadhani chikondwerero cha Idi amachita masiku anayi, ana atavala zatsopano, mabanja onse akukhamukira kubwalo la Mnazi Mmoja. Ine ndikanakhala wosankha, ndi nthawi imene ndikanapitanso.

Chimene chikukhudzani mwezi uliwonse ndi kavalidwe. Kugombe la mahotela muvale zimene mwakonda, koma m'tauni ndi m'midzi muphimbe mapewa ndi mawondo. Kwa ife Amalawi zimenezi sizovuta, chitenje m'chikwama basi, ndipo kumsika wa Darajani mukagula kanga zokongola zolembedwa miyambi m'mphepete. Mufunse kaye tanthauzo musanagule, zina ndi zonyoza mkazi mnzako, mungapatse apongozi mphatso yoyambitsa milandu. Lachisanu masana mashopu ambiri amatseka kanthawi anthu akapita kumzikiti, ndiye zogula mugule m'mawa.

Madzulo mupite ku Forodhani, pabwalo la m'mbali mwa nyanja pafupi ndi linga lakale, pomwe amayala matebulo a zakudya. Mulawe urojo, msuzi wowawasa wothiramo mbatata ya kachewere ndi timabajiya, ndi madzi a nzimbe ofinyira limodzi ndi ndimu ndi jinja. Zimenezi zimakoma kunja kukakhala kouma, mvula ikamagwa ogulitsa ambiri sabwera n'komwe, chomwe ndi chifukwa chinanso chosiyira Epulo. Mufunse mtengo musanaloze chilichonse. Ndipo abambo a mseruwo muwachenjeze za pweza, chinyama cha m'madzi cha miyendo isanu ndi itatu chija, chifukwa amuna anga atachiona pambale anasiya kudya usiku wonse.

Mwana wa pa Likoma

Koma abale inu, madola akusowa chonchi, mukuvutikiranji kukafuna chilumba kwa eni? Likoma yasowa? Mchenga woyera ulipo, malambe alipo, madzi ndi oti ukasamba sufunikanso kukadzitsuka mchere, sathawa usiku ngati amene akunena achimwene a ku Nungwiwo, ndipo mumalipira makwacha. Pasipoti ayi, saa moja ayi. Mukakwera Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanja yathuyi kuyambira 1951, mwayamba kale tchuthi. Mukafuna chilumba chachiwiri, Chizumulu ili pafupi.

Nthabwala pambali, mayi, ngati mtima wanu wagona pa Zanzibar pitani, koma mukafika musangothera kugombe. Mukalowe m'tchalitchi chachikulu cha Anglican ku Mkunazini, mu Stone Town. Anayamba kuchimanga mu 1873, chaka chomwe msika wa akapolo unatsekedwa, ndipo anachimanga pamalo a msikawo penipeni. Bishopu Edward Steere yemwe anatsogolera ntchitoyo anaikidwa momwemo kuseri kwa guwa. Muli mtanda wosemedwa kuchokera kumtengo wa ku Chitambo, ku Zambia, womwe pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone. Panja pali zosema za anthu ali m'dzenje, unyolo m'khosi. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamsika umenewo anachokera kuno kwathu: ankawasonkhanitsa ku Nkhotakota kwa Jumbe, kuwaolotsa nyanja, kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa, kenako m'zombo. Ine nditaima pamenepo ndinaganiza kuti mwina agogo a agogo anga anadutsa pomwepa. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA omwe anamanga tchalitchi chimenecho ndi omwenso anadzamanga St Peter's ya kwathu ku Likoma kuyambira mu 1903, ndiye mukadzaona zonse ziwiri mudzamvetsa chifukwa chake kachilumba kakang'ono ngati kathu kali ndi tchalitchi chachikulu chotero.

Zaka khumi Zanzibar, khumi ndi chimodzi Likoma. Koma kwathu mudzabwere mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, nyanja itagona.

Mtonga wa ku Nungwi

Mwaulula nokha pomaliza paja, achimwene. Mukufuna munthu wochita mseru paminibasi ya ku Dedza akwere Ilala mu Ogasiti, mwera uli pakati, usiku wonse? Ameneyo akafika pa Likoma n'kukana kubwerera, mudzamusunga inuyo. Kuno ndi maola awiri okha, atseka maso, atsegula, wafika. Za tchalitchicho ndikugwirizana nanu, ndipo achemwali mugone masiku awiri oyamba m'tauni kuti muone zimenezo ndi Forodhani, atatu otsalawo mubwere kumpoto kuno.

NaBanda wa ku Kawale

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza kuposa momwe ndimayembekezera. Madala, nkhani yanu ya masika ndawawerengera alamu anga pafoni, ayamba atsutsa, kenako ati iwo ankangonena zimene anaona. Epulo tamuchotsa. Disembalanso tamuchotsa, poti nditawerengera ndaona kuti ndi mwezi womwewo umene timagula feteleza wobereketsa ndi kusunga fizi ya Januwale, ndikanakasamba m'nyanja mtima uli kumunda.

Tagwirizana za sabata yomaliza ya Ogasiti. Ndiyang'ana kalendala ya unduna ikatuluka kuti tidzabwerere kutatsala masiku anayi kapena asanu, chifukwa ndikudziwa kuti ulendo wa basi umenewo miyendo idzatupa, ndipo sindikufuna kukaima kutsogolo kwa ana 90 ndikutsimphina. Gulu lathu la banki m'khonde limagawana mu Disembala, ndiye ndalamayo ndidzayamba kuisintha pang'onopang'ono isanadyedwe ndi kugwa kwa kwacha.

Abiti, chitenje ndinyamula, ndipo za kanga ya apongozi mwandipulumutsa, ndinali nditaganiza kale zowagulira. Achimwene a pa Likoma, tchalitchicho tikalowa, agogo anga aakazi kwawo kunali ku Nkhotakota komweko.

Abambo akunyumba awerenga zonsezi mwakachetechete. Atafika pa timajumbo ta m'sitima anaika foni pansi n'kupita panja. Pobwera afunsa funso limodzi lokha, ndiye ndikulipereka kwa inu achimwene a ku Nungwi: tikiti ya ndege ya mphindi 20 ija munthu angathe kugula tsiku lomwelo akaona kuti mphepo yakula, kapena mu Ogasiti imafunika kugwiriratu malo?